PhD ya constitutional law kuno ku Joni, ndiyambire pati kuwerenga?

nyamata_waZomba:
Abale anga a kuno ku Johannesburg, ndangoyamba PhD ya malamulo ndipo mutu wanga ndi wa ufulu wa madzi, nyumba ndi chithandizo cha kuchipatala, kuyerekeza Constitution ya South Africa ya 1996 ndi yathu ya 1994. A supervisor andipatsa mndandanda wautali zedi wa mabuku ndi milandu moti mutu waima. Amene munadutsa kale njira imeneyi ndithandizeni, ndiyambe ndi mabuku kapena zigamulo za khothi?

mkulu_waku_Braam:
Achimwene yambani ndi milandu ndipo muwerenge chigamulo chonse, osati zidule za m'mabuku zija ayi. Motsatana: Soobramoney wa 1997, bambo wodwala impso amene khothi la Constitutional Court linamukaniza dialysis (chithandizo chosefa magazi ndi makina) chifukwa boma lilibe ndalama zokwanira aliyense, kenako Grootboom wa 2000 wa anthu osowa pokhala, kenako wa bungwe la Treatment Action Campaign (TAC) wa 2002 wa nevirapine, mankhwala oteteza mwana kuti asatengere HIV kwa mayi, ndiye mumalize ndi Mazibuko wa 2009. Uwu wa Mazibuko ndi wa konkuno, anthu a ku Phiri ku Soweto anasumira mzinda chifukwa cha mamita a prepaid komanso malita 6,000 aulere pa nyumba pamwezi amene ankati ndi ochepa pa banja lalikulu, koma jaji O'Regan anati pulogalamu ya mzindayo ndi yovomerezeka. Mukawerenga choncho muona nokha kuti khothi lakhala likukana kunena kuti munthu aliyense ayenera kupeza zochuluka bwanji, limangofunsa ngati zomwe boma likuchita zili zomveka, ndipo mkangano wa PhD yanu wagona pamenepo. Zonse zili pa SAFLII, webusayiti ya zigamulo za makhothi, ulere.

Nachisale_LLD:
Ndikugwirizana nawo akuluwa koma musanalowe m'milandu werengani kaye pepa ya Mureinik ya 1994 ija ya culture of justification (yoti boma lizipereka zifukwa zomveka pa zomwe likuchita) ndi ya Karl Klare ya 1998 ya transformative constitutionalism (kugwiritsa ntchito Constitution posintha dziko), sizitali ndipo pafupifupi aliyense wolemba za kuno amazitchula. Chimene chimandipweteka ine ndi anzathu amene amalemba za kwathu ngati Malawi ndi ka South Africa kakang'ono. Kwathu zambiri za umoyo ndi chakudya zili mu section 13 ngati mfundo zotsogolera boma, ndipo section 14 imati makhothi angaziganizire pomasulira malamulo, si ufulu wolunjika ngati section 26 ndi 27 za kuno (za nyumba, chipatala, chakudya ndi madzi). Mphamvu yathu ili pa section 30, ufulu wa chitukuko, umene kuno alibe. Pezani buku la Danwood Chirwa la 2011 la ufulu wachibadwidwe mu Constitution ya Malawi, likuthandizani kwambiri pa mbali imeneyo.

bambo_a_Tiya:
Osaiwalanso kupita ku Constitution Hill, komwe kuli Constitutional Court, pafupi pomwepa. Milandu ikamamvedwa aliyense amaloledwa kulowa nkukhala pansi kumvera majaji akupanikiza maloya ndi mafunso.

nyamata_waZomba:
Zikomo kwambiri nonse. Achemwali, za section 30 zo ndiye zanditsegula maso, kodi zigamulo za High Court yathu zokhudza section imeneyi ndizipeza zonse pa webusayiti ya MalawiLII kapena ndiyenera kukafufuza ku laibulale ndikapita kumudzi mu December?