Mmene zathera pa nkhani ya tchuthi chifukwa cha nkhawa

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati n'zotheka kupempha tchuthi kuntchito chifukwa cha nkhawa yomwe inkandisowetsa tulo ndi kundithamangitsa mtima m'mawa uliwonse. Ena munati ndisiye ntchitoyo, ena munati ndingolimba mtima. Ine ndinatsatira mawu a mayi aja amene anati ndiyambe ndaonana ndi adokotala.

Ndinapita ku chipatala cha St John of God ku Lilongwe, komwe amathandiza anthu a mavuto a m'maganizo. Anandimvetsera modekha n'kundilembera kalata, ndipo abwana anailandira osafunsa zambiri. Masiku oyamba kunyumba anali owawa ndithu, chifukwa kungokhala kunkachulukitsa maganizo. Chinandithandiza ndi kukumana ndi aphungu komanso kuyenda m'mamawa. Panopa ndabwerera kuntchito ndipo ndikugona bwinoko, ngakhale nkhawayo imabwerabe nthawi zina.

Kwa inu amene muli pa vuto lomweli: lamulo la Employment Act la 2000 limati mukagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza, muli ndi ufulu wa masabata 4 a tchuthi chodwala ndi malipiro onse, ndi ena 8 ndi theka la malipiro, bola pakhale kalata ya adokotala. Musanaipereke, sungani fotokope yake.