Zomwe zatuluka pa funso langa la okonda makompyuta ndi nthano za sayansi

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija, loti n'chifukwa chiyani achinyamata a kalabu yathu ya makompyuta kuno ku Zomba amakonda kwambiri nthano za sayansi. Ndinatsatira malangizo a inu amene munati tisangokambirana, tiyese ndi manja.

Tinatenga malamulo atatu a maloboti amene Isaac Asimov, wolemba nthano za sayansi, analemba mu 1942: loboti isavulaze munthu, imvere munthu, idziteteze, motsatana choncho. Achinyamatawo anawalemba mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, m'magulu a anthu atatu, pogwiritsa ntchito if, elif ndi else, mawu amene amauza pulogalamu chochita malinga ndi mmene zinthu zilili. Zinayenda bwino mpaka titaika anthu awiri olamula zotsutsana. Pulogalamu inangomvera amene lamulo lake linali pamzere woyamba, chifukwa lamulo lachiwiri la Asimov silinena kuti womveredwa ndi ndani. Achinyamatawo anatsutsana kwambiri za kakonzedwe kake, ndipo ndinaona kuti nthano zotere zimakhazikitsa malamulo kenako n'kufufuza pamene akulephera, monga momwe munthu amasakira cholakwika mu pulogalamu. Chimawakoka n'chimenecho.

Amene mukufuna kuyesa, muyambe papepala kuti magetsi akathima ntchito isaime. Musawauziretu za olamula awiriwo, muwapatse akamaliza kulemba malamulo onse atatu.