Chasisi ya Land Rover yang'aluka pomwe ndinalumikiza

Wowotcherera wa ku Luchenza: Madala ndithandizeni nzeru. Kasitomala anabwera ndi Land Rover 110 yakale akufuna ifupike kuti izikhota bwino m'timisewu ta ku Thekerani komwe amakatenga nthochi, ndiye ndinachotsa mainchesi 10 kumbuyo kwa giyabokosi kuti mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo uchoke pa mainchesi 110 ukhale 100 ngati Range Rover yakale ija. Ndinadula chowongoka, kulumikiza, kenako puleti ya 6mm mbali zonse. Yangoyenda maulendo atatu basi lero wabwera nayo yang'aluka kumanzere, osatinso polumikiza penipeni koma m'mphepete mwa puleti, kamng'alu kotsika ngati tsitsi. Akutinso ikafika pa 60 imanjenjemera mpaka magalasi kuchita kulira. Mutu waima.

Madala a pa Chitakale: Puletiyo munaidula ya makona anayi achimwene?

Wowotcherera wa ku Luchenza: Eya madala, ndipo ndinawotcherera kuzungulira konse

Madala a pa Chitakale: Vuto lagona pamenepo. Chasisi ya Land Rover ndi bokosi la chitsulo chopyapyala, cha m'ma 2mm, ndipo ikalowa m'zigwembe imapotokoka pang'ono nkubwerera. Inu mwaimanga ndi chi 6mm chosagwedera ndiye mphamvu yonse ikukathera pomwe puleti yalekezera, pomweponso pali mzere wanu wowotcherera woimirira womwe unafooketsa chitsulo ndi moto. Isang'aluke bwanji? Puleti ikhale 3mm, muidule ngati nsomba, yotakata pakati yosongoka kumapeto, nsongazo muzizungulize ndi girayinda. Booleni mabowo anayi kapena asanu muwotchererenso m'mabowomo. Mzere woimirira ayi, wodutsa chopingasa pamwamba kapena pansi pa chasisi ayinso.

Makaniko wa ku Limbuli: Ine ndinena za kunjenjemerako. Propu, shafiti yopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo ija, munafupikitsa nokha? Gwadani muone ma yoke a kumbuyo, timafoloko ta kumapeto kwa propu, ngati akuyang'anizana mzere umodzi, akaphonyana ngakhale dzino limodzi pa spline, mano omwe zigawo ziwiri za propu zimalowerana, galimoto imavina basi. Ndipo propu yodula pansi pa mtengo wa mango siiyenda bwino, ipititseni ku Limbe kwa a lathe akaiwongole ndi kuibalansa.

Wowotcherera wa ku Luchenza: Ndinadula ndekha aise, ndinangoyeza ndi diso. Nanga madala ndidulenso chopendeka? Ndikatero ifupikanso kachiwiri

Mnyamata wa ku Bvumbwe: Kwathu abwana amati kudula chopendeka madigiri 45 kapena ngati chilembo Z basi, chowongoka salola ndi pang'ono pomwe

Madala a pa Chitakale: Akunena zoona abwana akowo, ikanakhala yosadula ndikanatero nanenso. Koma pano madzi atayika kale. Chotsani mapuletiwo mosamala osakumba chasisi, tsegulani polumikiza paja, mulowetse chitsulo chopinda cha 3mm mkati, chotalika 400mm kapena kuposa, bola chipitirire pamng'alupo. Chilowe chothina, chomenya ndi hamala. Mng'aluwo boolani kabowo kumapeto kwake kaye usapitirire, muukumbe V kenako muwotcherere. Ndipo musanayambe gogodani chasisi yonse ndi hamala makamaka kumbuyo ndi timikono tonyamula bodi, magalimoto a kuno amadyeka dzimbiri mkati chifukwa matope amakhalamo chaka chonse. Pakalira ngati chitini chobooka ndiuzeni.

Makaniko wa ku Limbuli: Ma rodi owotcherera mukugwiritsa ati?

Wowotcherera wa ku Luchenza: 6013 ya 3.2mm

Makaniko wa ku Limbuli: Pezani 7018 ya 2.5mm ngati mashini anu akuikoka, 3.2 pachitsulo chopyapyala chotere muzingoboola. Koma 7018 imamwa chinyezi koopsa, ndi chiperoni chagwa sabata inoyi mukaisiya pashelefu usiku umodzi mawa weld yonse timabowo tokhatokha. Gulani paketi yosatsegula, zotsala muzisunga m'chitini chotseka pamalo otentha. Muziwotcherera pang'onopang'ono, kumanzere pang'ono kumanja pang'ono, kudikira izizire, apo ayi chasisi ikokera mbali imodzi.

Madala a pa Chitakale: Muikhazike pamasitandi yalevulo, muyeze mopingasa ngati X kuchokera pamabowo ofanana kutsogolo ndi kumbuyo, musanawotcherere ndi pambuyo pomwe. Mapaipi a mabuleki musapinde otsalawo nkuwamanga ndi waya, dulani muwapange flare yatsopano, kukuza kukamwa kwa paipi kuti igwire polumikiza. Nambala ya chasisi isakhudzidwe ndi girayinda, ndipo mwiniwakeyo akafunse ku Road Traffic za kusinthaku asanakayezetse COF.

Wowotcherera wa ku Luchenza: Ndayeza X ija pompano, mbali ina yaposa inzake ndi 9mm, nchifukwa chake tayala lakumbuyo layamba kudyeka mkati. Ma yoke nawonso aphonyanadi. Dzimbiri kulibe kupatula kamkono kamodzi kumanja. Ndamuimbira mwiniwake kuti galimoto igona kuno mpaka Lachisanu, ya ntchito sindimulipiritsanso, angogula ma rodi ndi chitsulo. Propu ndikwera nayo minibasi ya m'mawa.

Madala a pa Chitakale: Mukalowetsa chamkaticho mutumize chithunzi musanayatse mashini, ndione kathinidwe kake.