Chifukwa chiyani ophika chakudya cha ku Turkey amafuna nkhaka zazing'ono?

Nagama, Bembeke:
Ndimalima nkhaka kudimba ndipo ndimagulitsa pamsika wa Dedza, koma wogula wina amene amaphika chakudya cha ku Turkey ku Lilongwe akufuna zazing'ono zokhazokha, zosaposa chikhatho kutalika. Zikuluzikulu zimene anthu kuno amazikonda wazikana, ndipo akuti zina zikuwawa. Ndikupempha odziwa andifotokozere chimene amazifunira zotere, ndiponso chimene chimawawitsa nkhaka.

Jere, Lizulu:
ANagama, ndiyankhe za kuwawako. Nkhaka ndi mbewu yochokera ku India, ya banja limodzi ndi maungu, mavwende ndi zipwete, ndipo mbewu za banjali zili ndi michere yowawa yotchedwa cucurbitacin, imene mwachibadwa imakhala yambiri m'masamba ndi m'mizu. Mbewu ikavutika ndi ludzu kapena kutentha kwambiri, michereyi imachuluka m'chipatso, makamaka m'khungu ndi chakuphesi. Chipatsochi pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse ndi madzi, choncho kuthirira modumphadumpha ndiko kumawononga kwambiri. Phimbirani nthaka ndi udzu, thirirani mosadukiza, ndipo muzithyola pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa nkhaka imodzi ikasiyidwa kuti ikhwime mpaka kuchita chikasu, tsinde lonse limachepetsa kubereka. Musapoperenso mankhwala m'mawa pamene njuchi zili pamaluwa, pakuti duwa lalimuna ndi lalikazi ndi osiyana, ndipo popanda njuchi zipatso zimapindika kapena kuyoyoka.

Nachisale, Ntcheu:
Wogulayo sakuvuta dala, aNagama. Anthu a ku Turkey nkhaka amadya yaiwisi nthawi zambiri, ndipo imayamba kuoneka m'mawa, pambali pa tomato, tchizi, zipatso za olivi, buledi ndi tiyi. Chodziwika kwambiri ndi cacık, chimene amakonza poduladula nkhaka tizidutswa ting'onoting'ono n'kusakaniza ndi yogati, adyo wosinja, mchere, masamba onunkhira a mint ndi mafuta a olivi, ndipo ena amathiramo madzi ozizira kuti azimwa ndi sipuni pambali pa mpunga kapena nyama. Nkhaka yokhwima ili ndi njere zolimba ndiponso madzi ambiri m'kati, moti imasungunula yogatiyo n'kuwononga kakomedwe kake. Pa saladi yotchedwa çoban salatası amaiphatikiza ndi tomato, anyezi, tsabola wobiriwira ndi madzi a mandimu, ndipo apa chofunika n'chakuti izimveka khirichu poitafuna. Zing'onozing'ono kwambiri amazifutsa m'madzi a mchere ndi viniga, zimene amazitcha turşu. Ku Istanbul kuli dera la Çengelköy limene linatchuka chifukwa cha nkhaka zake zazifupi. Kunyumba kwanga cacık ndimakonza ndi chambiko chogwira bwino, ndipo m'chilimwe ana amachikonda.

Maseko, Tsangano:
Zimene anena aJere n'zoona, koma kuthyola msanga pakokha sikukwanira. Mitundu imene amalima ku Turkey, makamaka m'mashedi a pulasitiki a ku Antalya, ndi yaifupi mwachibadwa, ya khungu lopyapyala losafunika kusenda, pamene yambiri yogulitsidwa kuno ili ndi khungu lokhuthala. Mumufunse wogulayo dzina la mbewu imene akufuna musanagule ina. Mukumbukirenso kuti ku Bembeke kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, ndipo nkhaka sizipirira chisanu monga amachitira kabichi, choncho musamulonjeze katundu wa miyezi imeneyo.