Mwana wa mphamvu zobisika m'nthano: kodi makolo sadzamuyesa mfiti?

Akuluakulu a pa gulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Ulóngwè, m'boma la Angónia, ndipo ndikulemba kabuku ka nthano ka ana a zaka 7 mpaka 10 m'Chinyanja chathu, popeza mabuku a nthano amene amafika m'manja mwa ana kuno ambiri ndi a Chipwitikizi.

Nthanoyo ndi ya mtsikana wamanyazi, amene aphunzitsi akamuloza amangozyolika n'kumakanda desiki ndi chala, koma ali ndi mphamvu zimene sanauzepo munthu: amamva zolankhula za mbalame, ndipo usiku anthu akagona amauluka mpaka pamwamba pa phiri la Dómuè kukaona kumene mvula ichokere. Cholinga changa n'chakuti ana ofatsa, omwe ndili nawo ambiri m'kalasi, aone kuti kukhala chete si kupusa.

Nditawawerengera azakhali anga masamba oyamba, anasiya kusenda mbatatesi n'kundiyang'ana, ndipo anandifunsa ngati chatsala n'kumukweza mwanayo m'lichero. Ndinaseka, koma usiku umenewo tulo sindinatione, chifukwa ndinazindikira kuti mwana wouluka usiku makolo ake osadziwa, kwathu kuno dzina lake ndi limodzi basi, ndipo tonse tikudziwa kuti ana amene amayamba kunamiziridwa zoterezi kawirikawiri amakhala ofatsa omwewo. Kodi ndichotse kuulukako, kapena pali njira yoti mphamvuzo zikhalebe zobisika popanda kununkha ufiti?

Yankho la mayi wina wa ku Furancungo: Aphunzitsi, kuulukako kuchotseni ndithu, koma za mbalamezo zisiyeni, pakuti nthano zathu zimene timayankha kuti "tili tonse" zadzaza kale ndi nyama zolankhula, ndipo palibe anatchulapo Kalulu kuti ndi mfiti. Mungopewa kadzidzi ndi fisi. Musankhe mbalame ngati namzeze kapena nsadzu, imene anthu amadziwa kale kuti imalondolera munthu kumene kuli uchi.

Yankho la bambo wina wa ku Zóbuè: Ine ndikuona kuti vuto lagona pa usiku ndi pa kubisira akulu. Zonse zichitike dzuwa likuswa mtengo, ndipo agogo ake akhale odziwa chinsinsicho, kuti kholo lowerenga lione kuti pali munthu wamkulu amene akumuyang'anira mwanayo. Komanso muganizire kalembedwe, chifukwa mabuku a sukulu a kuno amalemba "c" pamene a ku Malawi amalemba "ch", ndiye mudziwiretu ngati kabukuko mukufuna kadzawolokenso malire a ku Dedza.

Mphunzitsi uja: Zikomo nonse. Za agogo ndazilandira ndi manja awiri, ndipo ndaganiza kuti mphamvuyo ichokere m'kufatsa kwake komweko: amamva mbalame chifukwa ndi yekhayo amene sasokosera. Chatsala n'chimodzi, ndipo pano mitu isiyana. Kumapeto kwa nthano, atapulumutsa ng'ombe za m'mudzi ku madzi osefukira, kodi aulule kuti ndi iyeyo anachenjeza abusa, kapena abwerere pa desiki yake anthu osadziwa? Mtima wanga ukufuna kuti asaulule, koma ndikuopa kuti ana a zaka 7 adzaona ngati wamanidwa mphotho yake.