Gulu la banja: za milu ya manyowa ku Lizulu

Malume: Moni nonse, ana anga ndi alongo anga. Dzulo ndinakayendera malo athu opangira manyowa, ndipo mulu wachitatu, womwe tinalonjeza alimi a kabichi kuti tiwagulitsa kumapeto kwa mwezi uno, sunandisangalatse. Ndodo yomwe imakhala yozika pakati pake nditaizula inali yozizira ngati yagona pamame, ndipo fungo lake linali la dzira lovunda. Iwe mphwanga amene umayang'anira ntchitoyi, tafotokozera abale zomwe zinachitika.

Mphwawo woyang'anira milu: Zikomo malume. Vuto linayamba pomwe tinatuta masamba a kabichi ndi tomato woonongeka pamsika wa Lizulu ngolo zinayi, pomwe mapesi a chimanga anali atatithera. Zinyalala za pamsika zimakhala ndi madzi ambiri, choncho zinaphatikana mpweya n'kulephera kulowa, ndipo tizilombo towoletsa manyowa sitigwira bwino ntchito popanda mpweya. Nditafinya manyowawo m'dzanja, madzi akuda anayenderera mpaka pachigongono, chonsecho oyenera amangonyowetsa chikhatho n'kutulutsa kadontho kamodzi kapena tiwiri. Ndikuvomerezanso kuti tinadumphitsa sabata ziwiri osatembenuza chifukwa aganyu anali kokolola mbatatesi.

Achimwene a ku Johannesburg: Malume, ndalama zomwe ndinatumiza zinathera pa ndowe ndi zitosi za nkhuku, ndiye ndimayembekezera kuti matumba 40 omwe tinalonjeza alimi aja atibwezera kenakake. Kodi sizingatheke kuwayanika padzuwa, kuwasefa, n'kuwagulitsa pamtengo wotsikirapo?

Azakhali: Mwana wa mlongo wanga, zimenezo ndikukana ndi mtima wanga wonse. Chaka china ndinagula manyowa osapsa kwa munthu wina, n'kuthira m'mapando pookera mbande za tomato kudimba. Pasanathe sabata masamba anasanduka achikasu, ndipo nditazula imodzi ndinapeza mizu itapserera, pansi pali chitosi chomwe chinali chikadali chathunthu. Pamwamba pa apo bedi lonse linamera chisoso ndi bonongwe yemwe sindinafese. Munthu uja sindinapitekonso kwa iye, ndipo amayi onse a kudambo kwathu ndinawauza. Alimi a ku Lizulu ndi ku Tsangano amakumana pamsika sabata iliyonse, ndiye thumba limodzi loipa lidzamveka mpaka ku Bembeke.

Mlongo wophunzira zaulimi ku Bunda: Azakhali anena zoona, ndipo chifukwa chake ndi kutentha. Mulu wabwino umayenera kufika pa madigiri 55 mpaka 65 pakati pake ndi kukhala pamenepo masiku angapo, chifukwa kutentha kumeneko ndi komwe kumapha njere zambiri za udzu ndi tizilombo toyambitsa matenda ta m'ndowe. Ukapyola madigiri 70, tizilombo tothandiza timafanso, choncho umafunika kuutembenuza. Kutembenuza kumathandizanso kuti zomwe zinali kunja zilowe pakati pomwe pali moto. Ndodo imatiuza kuti mulu watentha kapena wazizira basi, siinena kuti wafika pati, n'chifukwa chake ndikupempha kuti tigule choyezera kutentha chachitsulo chachitali, komanso kope lolembamo m'mawa uliwonse nambala ya mulu, kutentha kwake, tsiku lotembenuza ndi madzi omwe athiridwa. Achimwene, kope limenelo lizijambulidwa n'kuponyedwa pagulu pano Loweruka lililonse, kuti nanunso muziona komwe ndalama zanu zikupita.

Achimwene a ku Johannesburg: Ndamva, ndipo choyezeracho ndigula ine kuno n'kuchipereka kwa wobwera pabasi. Koma alimi aja tiwauza chiyani?

Mphwawo woyang'anira milu: Mulu woyamba wapsa bwino. Ndi wakuda, wofumbutuka, ukununkhira ngati dothi la m'nkhalango, ndipo sungazindikirenso phesi kapena tsamba. Ungatulutse matumba pafupifupi 25 tikausefa. Wachitatu ndingauphwasule mawa, ndiusakanize ndi mapesi odulidwa ndi masangwe ouma a nyemba, ndiumangenso potakasuka. Kuzizira kwa Julaye kuno kumachedwetsa, choncho pamwamba ndifunditsa udzu wouma.

Azakhali: Mapesi ali kumunda kwanga kuseri kwa phiri, ndinawaletsa ana kuwatentha. Mukatenge ndi ngolo ya alamu anu. Ndikukumbutsaninso za chisakasa, chifukwa mvula ikayamba mu Novembala milu yonse idzasanduka ngati wachitatuwu, ndipo madzi akuda ochokera pamenepo asadzatsetserekere kuchitsime chomwe anthu a m'mudzi amatungako.

Malume: Ndamva zonse, ndipo tichite motere. Ine ndikakumana ndi alimi aja Lachitatu, ndikawauza zoona kuti alandira matumba 25 tsopano, ndipo otsalawo adzalandira mulu wachitatu ukadzatenthanso ndi kupsa. Ofuna ndalama zawo tiwabwezera. Zinyalala za pamsika zisamalowe pamalopo pokhapokha zouma zosakanizira zikhale zafika kale. Za chisakasa ndi ngalande yopatutsa madzi, aliyense anene pano zomwe angasonkhe pofika pa 15 Ogasiti, kaya ndi ndalama, milimo kapena udzu wofolerera.

Mlongo wophunzira zaulimi ku Bunda: Kope ndi cholembera ndibwera nazo Lachisanu, malume, ndipo ndigona konko kuti Loweruka m'mawa tidzayambire limodzi kulemba.