Mawu akuti "mzinda": agogo andidzudzula pa foni, ndani akudziwa?

Mtchona wa ku Luton
Akuluakulu ndithandizeni. Loweruka ndinakalowa ku Buckingham Palace, nyumba yachifumu ya ku London, paja nyengo yotentha kuno amatsegula zipinda 19 zolandiriramo alendo kuti nafe amphawi tikaone, bola ulipire. M'katimo saloleza kujambula, ndiye nditatulukira ku munda wa kuseri ndinazungulira kumaso, n'kuima pa mpanda wachitsulo uja kuwaimbira agogo anga a ku Dedza pa WhatsApp. Ndikuwaonetsa khonde limene a banja lachifumu amaimapo pobayibitsa anthu, ine n'kuti, "Agogo, pano ndi pakati penipeni pa mzinda wa London." Iwo zii kaye. Kenako akuti, "Iwe, London yo si mzinda. Mzinda mwina ndi chinyumba chili kumbuyo kwakocho, ngati mfumu yakeyo inapatsidwa." Ndisanafunse kuti kupatsidwa chiyani, foni ya msuweni wanga inathima batire. Kusukulu tinaphunzira kuti mzinda ndi Blantyre, Lilongwe, Mzuzu, Zomba. Ndiye agogowa akunena chiyani?

NaPhiri wa ku Kasungu
Eee mwandikumbutsa malemu agogo anga. Mudzi wathu unali waukulu, wa golosale ziwiri ndi chigayo, koma atsikana akatha msinkhu chinamwali ankakavinira kutsidya la dambo, pa kamudzi ka nyumba zowerengeka ndi zala. Ine n'kufunsa, bwanji osavinira konkuno? Agogo anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Kuno kulibe mzinda, mwini mzinda ali uko." Mfumu ya ukoyo inkagona m'nyumba ya udzu yomata ndi dothi, yathu inali ndi ya malata.

Chimtengo
Nkhaniyi ndi yosavuta. Mzinda ndi mudzi wozingidwa. Mvetserani mawuwo: kuzinga, mzinda. Agogo anga aakazi a ku Ntcheu ankasimba kuti nthawi ya nkhondo anthu ankazika mitengo kuzungulira mudzi, khomo limodzi lokha, usiku n'kupiringidza. Agogo anuwo achimwene anaona mpanda wachitsulo ndi asilikali a zipewa zaubweya aja, basi anadziwa.

NaPhiri wa ku Kasungu
A Chimtengo, limenelo ndi linga. Nkhotakota mpaka lero anthu amati ku Linga. Kamudzi ndikunena ine kanalibe ndi mpanda wa bango womwe, mbuzi zinkangolowa ndi kutuluka.

Chimtengo
Mpandawo unagwa kale chemwali, dzina ndi limene linatsala.

Mwana wa Wenela
Ine ndinabadwira ku Zimbabwe, agogo aamuna anabwera kudzagwira ntchito ku migodi osabwereranso. Anzathu a Chishona amati muzinda, ndipo kwa iwo ndi kumene kumakhala mfumu ndi bwalo lake. Agogo aakazi ankakonda kuseka kuti pa mawu amenewa pokha ndi pamene ankamvana ndi aneba popanda womasulira. Koma iwo akati mzinda ankatsitsa mawu, chifukwa ankanena za gule. Pa komboni pathu gule wamkulu ankatuluka, ndipo panali mkulu mmodzi yekha amene ankaloleza.

Mai a Tadala
Inu a ku Luton tatiuzeni kaye za m'katimo, za mzinda tibwererako. Ndi zoona kuti zipinda zilipo mahandiredi?

Mtchona wa ku Luton
Zilipo 775 mayi. Zogona antchito zokha 188, maofesi 92, mabafa 78. Ife tinangoona 19 zija koma miyendo inachita kuwawa. Ukangolowa umakwera masitepe opatukira mbali ziwiri n'kukakumananso pamwamba, chogwirira chake cha mkuwa wokutidwa ndi golide, kuwala kukuchokera pa denga la galasi. Chipinda cha mpando wachifumu n'chofiira psuu, makoma ndi kapeti yemwe, mipando iwiri ili pa kansanja. Kunena zoona mipandoyo inandikhumudwitsa, ndimayembekeza chinthu choti ukwere ndi makwerero, koma ndi mipando yoti munthu mmodzi wamphamvu atha kuinyamula. Holo yamadyerero ndiye ayi, mamita opitirira 36 m'litali, 18 m'lifupi, anaitsegula mu 1856. Timu ya netibo itha kuseweramo malo n'kutsala.

Chimene chinandigwira mtima chili m'chipinda amachitcha White Drawing Room. Pakona pali kabati, pamwamba pake chigalasi chodziyang'anira chachitali. Ukaona ungoti ndi katundu wa m'nyumba. Koma kabati ndi galasilo zimatseguka pamodzi ngati chitseko, ndipo mfumu imatulukira pamenepo kuchokera ku zipinda zake, alendo n'kungoona munthu waima pakati pawo. Nditawafotokozera agogo Lamulungu, za golide sanasamale n'komwe. Funso lawo linali lakuti, "Nanga milandu amazengera pati? Mtengo wake uli kuti?" Ndiye za kupatsidwa zija ndafunsanso, angoti ndine mwana.

Chimtengo
Mwamva? Khomo lobisika. Zonsezo ndi za chitetezo. Kuzinga.

Mphunzitsi Wopuma
A Chimtengo, nyumba imeneyo sinamangidwe ngati malo obisalamo nkhondo, ndipo poyamba sinali ya mfumu n'komwe. Anaimanga mu 1703 ngati nyumba ya nduna ina yolemera, Duke of Buckingham, n'chifukwa chake dzinalo. George III anaigula mu 1761 kuti mkazi wake Charlotte azikhalamo ndi ana. Mwana wake George IV ndiye anaitana mmisiri John Nash m'ma 1820 kuti aikuze, Nash n'kuwononga ndalama zambiri mpaka anamuchotsa ntchito, wina dzina lake Edward Blore n'kudzamaliza. Woyamba kukhalamo ali pa mpando anali Victoria mu 1837. Mbali ya kumaso imene mnzathuyu anaimapo, ya khonde lija, anaiwonjezera m'ma 1840 Victoria atadandaula kuti ana achuluka malo achepa, monga timachitira ife kuphatikiza chipinda ku nyumba banja likakula. Mwala woyera mukuuona lerowo ndi wa mu 1913, wakale unadyeka ndi utsi wa malasha.

Tsono mverani ichi, chifukwa ine ndikuona kuti gogoyo walasa. Elizabeth II atamwalira, mwana wake Charles sanamulengezere ufumu ku Buckingham. Pa 10 September 2022 akuluakulu anasonkhana ku St James's Palace, nyumba ya njerwa zofiira imene Henry VIII anamanga m'ma 1530, yosaoneka bwino poyerekeza ndi inayo, ndipo kulengeza kunachitikira pa khonde la kumeneko. Akazembe onse, ndi wathu yemwe wa Malawi, pa makalata awo amatumizidwa ku bwalo la St James's, ngakhale mfumu imawalandirira ku Buckingham. Ndiye ndi nkhani ya NaPhiri yomwe ija: mudzi wa chigayo uli apa, koma mwini mzinda ali pa kanyumba kakale kutsidya.

NaPhiri wa ku Kasungu
Aphunzitsi mwandilankhulira. Agogo ankati mzinda sumangidwa ndi njerwa, mfumu yaing'ono imachita kukaupempha kwa mfumu yaikulu, n'kupereka zoyenera, ndiye pamenepo ikhala ndi dambwe lake ndi bwalo lake lovinira.

Chimtengo
Aphunzitsi ndimakulemekezani koma St James's yoyo ili ndi chipata chachitali cha nsanja, ndinaiona pa TV tsiku limenelo. Nanga nyumba ina yachifumu ija ya ku Windsor? William uja anagonjetsa England mu 1066 anaimanga pa chitunda, makoma kuzungulira. Mafumu kulikonse amayamba ndi mpanda, ulemu umabwera pambuyo.

Wa ku Katete
Moni a ku Malawi. Ife kuno ku Zambia chaka chili chonse kumapeto kwa August timapita ku Mkaika ku Kulamba, mafumu a Achewa a maiko atatu kudzagwada kwa Kalonga Gawa Undi. Ambuya anga sankati tikupita ku nyumba ya mfumu, ankati tikupita ku mzinda. Ndipo sankaloza nyumba. Ankanena malo onse, bwalo, misasa ya alendo, fumbi, ng'oma. Ndili mwana ndinawafunsa kuti nyumba ya Gawa ndi iti pamenepa, anandimenya kambama kuti mfumu salozedwa ndi chala.

Mphunzitsi Wopuma
Ndipo likulu lakale la Kalonga ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, mukapita lero simukapeza chipupa chamwala. Ofukula zakale anapezako mapale, mikanda ya galasi yochokera kutali, mkuwa, minyanga. Nyumba za mitengo ndi dothi zinabwerera ku dothi. Koma palibe anganene kuti panalibe ufumu.

Chimtengo
Mitengo imaola aphunzitsi. Mpanda unali wa mitengo. Mukundithandiza nokha.

Mai a Tadala
Koma bambo inu! Ine changa n'chakuti, mfumuyo imagonamo m'nyumbamo kapena ayi? Agogo anga ankati nyumba yosafuka utsi ndi bwinja, ngakhale ikhale ya malata.

Mtchona wa ku Luton
Tsiku ndinapita ine pamwamba panali mbendera ya dziko, kusonyeza kuti mwini wake kulibe. Akakhalapo amakweza ina, yake yachifumu. Ndipo kuyambira 2017 akhala akusintha mawaya a magetsi ndi mapaipi akalekale, ntchito ya zaka 10, ndalama zake mapaundi 369 miliyoni, Charles n'kumagona ku Clarence House chapafupi pomwepo. Kutsegulira anthu wamba kumene anayamba mu 1993, kufuna ndalama zokonzera Windsor itapsa ndi moto mu 1992. Ndiye mwina ine ndinalipira kukaona bwinja lokongola, kaya.

Ankolo a ku Area 25
Vuto si agogo, vuto ndi ana inu. Mawu mwawatha. Mdzukulu wanga nyumba amati den, mayi ake amati masteni, ine madala. Tsiku lina ndinamutuma kuti akatenge nkhwangwa pa tsindwi la khola anangoima kundiyang'ana. Phaso sadziwa, nsichi sadziwa, mzati amadziwa wa magetsi wokha. Mutu umodzi susenza denga amaimva pa msonkhano wa ndale, sanaonepo denga likumangidwa pansi, amuna khumi n'kulisenza kukaliika pa chipupa. Ndiye mzinda angaudziwe?

Shasha 265
Madala musatinamizire. Mzinda wa Blantyre tinaumva pa wailesi kwa akuluakulu anzanu omwe, ndipo kutchalitchi mumaimba nokha za mzinda wa Yerusalemu. Ifeyo tinangoupeza choncho. Mukanatiuza za dambwe mukanati ndi zachikunja.

Ankolo a ku Area 25
Taonani, wandiyankha ndi "madala" yemweyo. Ulemu unapita ndi mitengo ya m'bwalo.

NaPhiri wa ku Kasungu
Koma mwanayu pena wanena zoona ankolo. Amayi anga atalowa Mvano mawu amenewa anasiyiratu kuwatchula mwa chikale. Ine ndinawatola kwa agogo pophika, tili awiri.

Mwana wa Wenela
Kuno ana athu Chichewa chimene chikuthawa, akuyankha m'Chishona. Inu mukudandaula den.

Chimtengo
Yerusalemu anali ndi malinga kuzungulira. Shasha wandipatsa umboni wina, zikomo mphwanga.

Mphunzitsi Wopuma
Malinga, mwanena nokha. Osati mizinda.

Chimtengo
Malinga ozinga mzinda.

Mtchona wa ku Luton
Ndawaimbiranso agogo madzulo ano, ndawawerengera zonse mwalembazi. Za St James's anamvetsera mpaka kumapeto n'kuti, "Eya, ndiye unapita kolakwika." Za a Chimtengo anaseka mpaka kutsokomola, akuti akufuna adziwe kwawo ndi mfunda wawo. Kenako andifunsa kuti zipinda 775 zo amazira ndani, ndipo tikiti ndinalipira zingati. Nditatchula mtengo m'makwacha anapereka foni kwa msuweni wanga.

Chimtengo
Auzeni ndine Mbewe wa ku Ntcheu, ndipo afunseni bwinobwino ngati pa mudzi wa mwini mzinda wa kwawoko panalibe mpanda kale. Afunseni za kale, osati za pano.